Chamba chopanga: zimene zipangizo zoyezera zimaona ndi zimene zimaphonya

Awa ndi mawu amene mneneri wa khonsolo adalankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera. Tawasindikiza onse kuti amene sadafike nawonso amve.



Chamba tonse timachidziwa. Fungo lake likadutsa pamsika, ngakhale gogo wosaona bwino amatembenuka, ndipo tsamba lake mwana wa sitandade 5 akhoza kulijambula. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya chinthu china chimene chidabwereka dzina la chamba koma sichimera m'munda, chilibe fungo lodziwika, ndipo chilibe tsamba lakelake. Akatswiri amachitchula kuti synthetic cannabinoids. Ife lero tichitche chamba chopanga. Ku Ulaya ndi ku America chimagulitsidwa ndi maina a Spice ndi K2, pa chilumba cha Mayotte amati chimique, ndipo ku Sierra Leone chimapezeka m'zosuta zotchedwa kush. Dziko la Mauritius, limene tili nalo limodzi m'bungwe la SADC, lakhala likulimbana nacho kwa zaka pafupifupi khumi.

Cholinga changa si kuopseza anthu. Koma akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana athu amapita ku Joni ndi kubwerako, katundu amalowa tsiku ndi tsiku pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji ndi pa Songwe, ndipo ufa wa mankhwalawa wodzaza kabokosi ka machesi ndi wokwanira ndudu mazanamazana. Chinthu chotere ndi bwino kuchimva chisadagogode pakhomo.

Chiyambi chake n'chodabwitsa, chifukwa sichidachokere kwa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa sayansi John W. Huffman wa pa yunivesite ya Clemson ku America adapanga mankhwala mazana angapo pofuna kumvetsa mmene chamba chimagwirira ntchito m'thupi. Adalemba kapangidwe kake m'mabuku a kafukufuku monga amachitira ophunzira onse, ndipo anthu ena adawerenga ndi maso a malonda. Kumapeto kwa 2008, akatswiri a ku Germany atayeza timapaketi tokongola ta Spice, timene tinkagulitsidwa ngati zofukiza zonunkhiritsa m'nyumba, adapezamo amodzi mwa mankhwala aja, otchedwa JWH-018. Zilembo zitatuzo zikuimira dzina la mkulu uja. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kuchokera nthawi imeneyo, bungwe la mayiko a ku Ulaya loona za mankhwala ozunguza bongo, limene likulu lake lili ku Lisbon, lalemba m'kaundula mitundu yoposa 200. Boma likaletsa mtundu umodzi, opanga amasintha kachidutswa kamodzi pa kapangidwe kake n'kutulutsa wina wa dzina latsopano. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo imavutitsa chipangizo chilichonse chimene nditchule.

Kakonzedwe ka zogulitsazo n'kosavuta. Amasungunula ufa mu acetone, madzi aja amene amayi amachotsera utoto wa m'zikhadabo, n'kuwaza pa masamba ouma a chomera chilichonse, pa fodya wamba, papepala, ngakhale pansalu. Zikauma, diso silionapo kanthu. Kuwazako sikufanana ponseponse. Zili ngati mchere wothira m'ndiwo koma osatakasa: wina atapa posakolera, wina atapa pamchere penipeni. Anyamata awiri akhoza kugawana paketi imodzi, wina n'kumangoseka, mnzake n'kugwa.

Mu ubongo muli malo amene mankhwala a m'chamba, otchedwa THC, amakakhudza. Tiyerekeze ndi mpopi wa madzi. THC amautsegula pang'ono, pamene chamba chopanga chimautsegula mpaka kumapeto. N'chifukwa chake chimabweretsa zimene chamba cha m'munda sichibweretsa kawirikawiri: kugwa ngati wakhunyu, mtima kuthamanga, kusanza kosalekeza, impso kuleka kugwira ntchito, kuuma thupi ngati chipilala, ngakhale imfa. Pa 12 July 2016, m'dera limodzi la Brooklyn mumzinda wa New York, anthu 33 adagwa tsiku limodzi atasuta mtundu wotchedwa AMB-FUBINACA. Mu 2018, m'chigawo cha Illinois, anthu oposa 150 adayamba kutaya magazi osaleka chifukwa zimene adasuta zidasakanizidwa ndi mankhwala ophera makoswe. Achinyamata musandimve molakwa, sindikuyeretsa chamba cha m'munda. Ntchito zake a kuchipatala cha anthu odwala matenda a ubongo ku Zomba amazidziwa. Lamulo la 2020 lidangololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe.

Tsono funso ndi ili: wapolisi wa pa rodibuloko, mphunzitsi wamkulu amene walanda kapaketi m'chikwama cha wophunzira, kapena dokotala wa pa chipatala chaching'ono amene amubweretsera mnyamata ali chikomokere, adziwa bwanji chimene chili pamaso pake?

Njira zimene zidazolowereka sizithandiza. Apolisi m'mayiko ambiri amayenda ndi timabotolo ta mankhwala amadzi timene timasintha mtundu tikakumana ndi chamba. Kodziwika kwambiri ndi ka Duquenois-Levine, kamene kamasanduka ka mtundu wa pepo. Kamafuna THC ndi abale ake a m'chomera, ndipo chamba chopanga kamangochidutsa. Tizipangizo toyezera mkodzo, tooneka ngati toyezera malungo kapena mimba, natonso timafuna zotsalira za THC, moti munthu akhoza kukhala atakomoka ndi Spice koma kachipangizo n'kunena kuti mulibe kanthu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwalawa adatchukira pakati pa akaidi ndi anthu amene amayezedwa kawirikawiri kuntchito. Tina toyezera Spice tidapangidwa, koma timene tidakonzedwera JWH-018 ndi anzake oyambirira timaphonya mitundu yambiri ya masiku ano. Galu wa polisi amene adaphunzira fungo la chamba ayenera kubwereranso kusukulu. Kuno kwathu, apolisi akagwira chamba amatumiza ku malo a kafukufuku wa zaulimi monga ku Chitedze kapena ku Bvumbwe kuti akatsimikize kuti ndi chomeracho. Funso la chomera lili ndi yankho lake. Koma ngati masamba ndi a therere, chiphe chili pamwamba pa masambawo, funso loyenera kufunsa ndi lina.

Apa ndi pamene pamabwera zipangizo zatsopano zoyenda nazo. Chodziwika kwambiri kwa apolisi ndi a kasitomu ndi cha mtundu wa Raman, dzina la katswiri wa ku India amene adatulukira nzeru yake mu 1928. Kukula kwake ndi ngati wailesi ya m'manja. Chimawalitsa kuwala kwa laser pa katundu, ngakhale ali m'kajumbo koonekera m'kati, ndipo kuwala kobwerera kumapanga mizere imene imasiyana pa mankhwala alionse monga zimasiyanirana zidindo za zala. Chipangizo chimafananiza mizereyo ndi kaundula amene chidaikidwa, n'kulemba dzina pagalasi lake. Pa ufa wosasakaniza chimachita bwino ndithu. Pa masamba chimalephera kawirikawiri, chifukwa masamba nawonso amanyezimira akawalitsidwa, ndipo kunyezimira kwawo kumameza kachizindikiro ka mankhwala monga nyali za galimoto zimamezera kuwala kwa koloboyi. Mtengo wakenso si wamasewera: chimodzi cha mtundu wa TruNarc chimadutsa madola a ku America 20,000, ndipo kaundula wake akakalamba, mitundu yatsopano sichiidziwa.

China ndi cha FTIR, chokula ngati kasutikesi, chimene chimagwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso. Woyeza amaika kachidutswa ka katundu pa kamwala ka dayamondi n'kukanikiza. Kufooka kwake n'kwakuti chinthu chikachepera magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse a msakanizo, chikhoza kuchiphonya. Choncho woyeza amayamba watsuka masamba ndi mankhwala osungunulira, n'kuumitsa madziwo kuti ayeze zotsalazo, ndipo imeneyi ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa.

Chipangizo chimenechi ndicho chidathandiza ku Sierra Leone, ndipo nkhani yake ndikufuna tiimvetse chifukwa ndi ya anzathu a mu Africa momwe muno, a mavuto onga athu. Kush adasakaza achinyamata a mumzinda wa Freetown mpaka mu April 2024 mtsogoleri wa dzikolo, Julius Maada Bio, adalengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse. Kwa zaka zingapo anthu ankasuta, kudwala ndi kumwalira, zenizeni za m'katimo zisakudziwika bwino. Imene idalamulira ndi mphekesera. Ena ankati muli mafupa a anthu opera, mpaka apolisi adayamba kulondera manda. Mu 2024 ofufuza a bungwe la Global Initiative Against Transnational Organized Crime adayeza kush ndi FTIR ku Freetown konko, ndipo chipangizo chidaloza zinthu ziwiri: chamba chopanga, ndi mankhwala a gulu la nitazene, abale ake a heroin koma oposa heroin mphamvu kutalitali. Ofufuzawo sadaimire pamenepo. Adatumiza zitsanzo ku malabotale akuluakulu, ndipo lipoti lawo la mu February 2025 lidatsimikiza zonse ziwiri, n'kutchulanso dzina la chamba chopangacho, MDMB-4en-PINACA.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi kumafika mpaka pa bedi la wodwala. Munthu amene akuleka kupuma chifukwa cha nitazene akhoza kutsitsimuka ndi mankhwala otchedwa naloxone. Pa chamba chopanga naloxone sagwira, ndipo dokotala amangolimbana ndi zimene akuona: kuletsa kuphupha, kuthandiza kupuma, kuteteza impso. Anyamata awiri ogona pa mabedi oyandikana, onse akunena kuti adasuta kush, akhoza kufuna chithandizo chosiyana.

Amene mudakwerapo ndege mwina mudaona wachitetezo akupukuta chikwama ndi kansalu n'kukalowetsa m'makina. Makinawo amatenthetsa tizidutswa timene kansalu katola n'kuyeza liwiro limene timathamangira m'kapaipi, pakuti mankhwala alionse ali ndi liwiro lake. Ndende za ku Scotland zidagwiritsa ntchito makina otere poyeza makalata a akaidi, chifukwa anthu ankanyika pepala m'mankhwala, kuliumitsa, kulembapo moni, n'kutumiza, ndipo mkaidi ankangong'amba kachidutswa n'kusuta. Akatswiri a pa yunivesite ya Dundee ankathandiza kuzindikira mitundu yatsopano kuti makina asatsalire m'mbuyo. Komabe mu December 2021 akuluakulu adawonjezera njira ina yopanda sayansi yozama: kujambula makalata wamba pa fotokope n'kupereka kope kwa mkaidi. Njira imeneyo ine imandisangalatsa, chifukwa makina a fotokope ngakhale ife tili nawo.

Chimene chayandikira kwambiri zosowa za malo ngati athu chidapangidwa pa yunivesite ya Bath ku England ndi gulu lotsogozedwa ndi Pulofesa Chris Pudney, ndipo chidalengezedwa mu 2023. Nzeru yake ndi yosiyana ndi zinazo. Sichifunafuna dzina la mtundu uliwonse m'kaundula. Chimafunafuna msana umene mitundu yambiri ya chamba chopanga imafanana. Opanga amakonda kusintha mutu ndi mchira wa mankhwala, msana n'kuusiya, ndipo msanawo umanyezimira mwa njira yakeyake ukawalitsidwa ndi kuwala kwa UV. Munthu amangokhudzitsa chipangizo papepala, pansalu kapena pamasamba, ndipo ngati mankhwala alipo, nyali zake zimayaka nthawi yomweyo. Chimalowa m'thumba, chimayendera batire, ndipo sichifuna digiri. Eni ake adati chimalondola pafupifupi maulendo 95 pa 100 alionse.

Mu 2024 gulu lomwelo, mothandizana ndi apolisi ndi aphunzitsi, lidayeza ndudu zamagetsi 596, zimene achinyamata amati vape, zolandidwa m'sukulu 38 za ku England. Imodzi pa ndudu 6 zilizonse idapezeka ndi Spice, pamene zokhala ndi THC weniweni zidali pafupifupi imodzi pa 100. Ofufuzawo amakhulupirira kuti ana ankaganiza kuti agula chamba, ogulitsa n'kumawapatsa Spice chifukwa ndi wotsika mtengo. Aphunzitsi aakulu, imeneyo ndi yanu: mwana mwiniwakeyo akhoza kukuuzani zoona zonse zimene akudziwa, koma osadziwa chimene wasuta.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Kulondola maulendo 95 kukutanthauza kulakwa maulendo 5. Mukayeza zinthu 200, pa zinthu pafupifupi 10 chipangizo chidzanama; pena chidzaloza chinthu chosalakwa, pena chidzadutsitsa chiphe. Komanso dziko la China litaletsa gulu lonse la mankhwalawa pa 1 July 2021, opanga ena adayamba kusintha ngakhale msana uja kuti azembe lamulo, moti ndi chipangizo chanzeru chomwe chiyenera kumakonzedwanso.

Mwambo wa kuchipatala poyezetsa magazi tonse timaudziwa. Kachipangizo koyamba kakaonetsa mizere iwiri, mlangizi sathamangira kulengeza. Amayezanso ndi ka mtundu wina. Pano ndi chimodzimodzi. Zotsatira za panjira zimangoloza kumene tiyang'ane. Umboni wolimba wa kubwalo la milandu umachokera ku labotale, ku makina a GC-MS amene amalekanitsa msakanizo, kuyeza chilichonse pachokha, n'kufananiza ndi chitsanzo chotsimikizika. Makina amenewo amafuna magetsi osathimathima, mpweya wa m'masilinda ndi akatswiri oyang'anira.

Ndikunena izi makamaka kwa inu a chitetezo cha m'midzi, chifukwa timadziwana. Munthu akangokuwidwa pamsika, miyala imayamba kufika apolisi asadamve n'komwe. Mantha anga ndi akuti tsiku limene kachipangizo koyaka nyali kadzafike m'manja mwa anthu, ena adzakatenga ngati mwavi: nyali yayaka, mlandu watha, mumenyeni. Mwavi unkapha ndi osalakwa omwe. Nyali ikayaka, munthuyo apite kupolisi ali wamoyo ndi wosavulala, katunduyo apite ku labotale, ndipo chigamulo chichokere kubwalo la milandu. Kwa inu makolo ndinene mbali inayo: kachipangizo kakanena kuti mulibe kanthu pamene mwana wanu akuphupha pansi, khulupirirani maso anu, thamangirani kuchipatala.

Mwina ena mukuti, bwanji khonsolo ingogula chimodzi? Maganizo anga ndi akuti kugula ndi kugwiritsa ntchito zipangizozi ndi ntchito ya apolisi, a MRA m'zipata za dziko, a zaumoyo ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala. Ndalama za chitukuko za wodi zikudikiridwa ndi mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Koma lidzafika tsiku limene bungwe lina kapena wamalonda wina adzabwere ndi kabokosi konyezimira kudzakuonetsani pa msonkhano ngati uno. Tsiku limenelo mudzamufunse ngati chipangizo chakecho chidayesedwa pa masamba ndi mapepala kapena pa ufa wokha. Mudzamufunse kuti kaundula wake adakonzedwa liti, ndipo amene adzalipire kukonzanso chaka chamawa ndani. Koposa zonse mudzamufunse labotale imene idzatsimikize zotsatira, chifukwa ngati yankho palibe, mwagula chida choyambitsira milandu imene simudzaimaliza. Tonse tidaonapo makina a mphatso atafunditsidwa nsalu pakona ya ofesi chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi.

Pakadali pano pali zimene tingachite popanda chipangizo chilichonse. Munthu akagwa atasuta chinthu, mugonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe. Musamuthire mkaka kapena madzi m'kamwa ali chikomokere, musamuike supuni m'mano, musamumange zingwe. Pitani naye kuchipatala, ndipo kumeneko nenani zoona. Kubisa kuti adasuta pofuna kusunga ulemu wa banja kumangochedwetsa dokotala. Zotsala za chimene adasuta, kaya ndi kapaketi, kachidutswa ka ndudu kapena ka pepala, zitengeni kuti dokotala azione. Ku Brooklyn kuja dzina la mankhwala lidadziwika chifukwa paketi ndi magazi a odwala zidafika ku labotale.

Mukapeza katundu wokayikitsa, musalawe, musanunkhize, musawotche pofuna kumva fungo. Valani kajumbo kumanja, muikeni m'kajumbo kena koyera, mangani, ndipo lembani tsiku, malo ndi amene wamupeza, pali mboni. Kenaka sambani m'manja n'kukapereka kupolisi tsiku lomwelo. Katundu amene wagona sabata m'kabati ya ofesi ya sukulu, wadutsa m'manja mwa anthu asanu, mlandu wake umavuta kuima m'khoti, ndipo wosungayo akhoza kulowa naye m'mavuto.

Chomaliza ndi cha inu a makomiti a chitukuko a m'midzi. Achinyamata awiri kapena atatu akagwa mofanana m'sabata imodzi, m'mudzi umodzi kapena pa sukulu imodzi, musadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo ndi khansala wanu tsiku lomwelo, kuti uthenga ufike ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndi kupolisi zotsala zisadatayidwe.

Wapampando, nthawi yanga yatha. Mafunso okhudza malamulo ndi kasungidwe ka umboni ndawasiyira akuluakulu a polisi amene alankhule pambuyo panga.